Wotchi ikamasuka imatsala pamkono kapena imapita pansi? Za zotsekera malamba ndi zibangili

Wotchi ya malemu bambo anga inatayika penapake pakati pa Chinamwali ndi m'tauni ya Zomba, ndili pa kabaza, m'mawa wina mvula itangokata kumene. Sindinamve kuti yagwa, sindinamve chilichonse, ndinangoti ndatsika pafupi ndi msika ndikufuna kuona nthawi, pamkono palibe kanthu. Ndinabwerera wapansi njira yonse maso ali pansi mpaka pomwe ndinakwerera koma ayi ndithu, matope okhaokha. Inali wotchi yachikale yosalira batire, ija imayenda yokha mkono ukamagwedezeka, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mumtima mumandipweteka chifukwa chinali chinthu chawo chokhacho chomwe ndinkakhala nacho pathupi tsiku ndi tsiku.

Chinachitika nchani? Sabata yomweyo ndinali nditasinthitsa lamba, ndiye amene anandisinthirayo analibe kachitsulo ka saizi yake, anaika kena kofupikirapo pang'ono nkunena kuti kagwira bwinobwino. Ine nthawi imeneyo sindinkadziwa za zimenezi, ndinangovomera. Kuchokera pamenepo ndikagwira wotchi iliyonse, kaya pa kaunjika kaya m'shopu, ndimayamba ndaitembenuza kuona kumbuyo, nkhope yake ndimaiona pambuyo. Ndipo funso langa limakhala limodzi basi, loti chinthuchi chikalephera, poti chilichonse chimalephera tsiku lina, wotchi itsala pamkono kapena ipita pansi? Mitundu yonse yomwe nditchule apa ndikuiyeza ndi funso limeneli.

Tiyambe ndi kachitsulo komweko chifukwa anthu ambiri sakadziwa nkomwe. Pomwe lamba amakumana ndi wotchi pali tinyanga tiwiri mbali iliyonse, ndipo pakati pa tinyangato pamadutsa kachitsulo kowonda kokhala ndi sipuling'i mkati, okonza mawotchi amati spring bar. Nsonga zake zimangolowa pang'ono chabe m'timabowo ta tinyangato, ndiye taganizani abale, wotchi yanu yonse, yodula kapena yotchipa, yapachikika pa timitu tating'ono ngati ta singano. Saizi zofala ndi 18, 20 ndi 22 mm, ndipo ngati mpata wa wotchi yanu ndi 20 muikemo ka 20 komweko, ka 19 kamalowa inde, kamaoneka ngati kakhala, koma tsiku lomwe mkono wagunda chitseko cha minibasi kamatuluka. Kunenepa kwakenso kumasiyana, tambiri ndi ta 1.5 kapena 1.8 mm pomwe mawotchi a Seiko omira nawo m'madzi amakhala ndi tonenepa ta 2.5 mm. Chinanso, thukuta limalowa mkati mwake, sipuling'i nkuchita dzimbiri, kachitsulo nkusiya kukankha koma kunja kakuonekabe kabwinobwino. Nde mukamasintha lamba sinthaninso tizitsuloti, ndi totchipa kuposa china chilichonse pa wotchi, ndipo akamaliza kuika kokani lamba mwamphamvu mbali zonse ziwiri muli pomwepo musanapereke ndalama.

Tsopano zotsekera zenizenizo. Choyamba ndi chija tonse tinakula nacho, chofanana ndi cha lamba wa thalauza, kalilime kolowa pabowo. Casio F-91W ija inatuluka mu 1989 ndipo mpaka pano ikupangidwabe ili ndi chimenechi, G-Shock chimodzimodzi, malamba a chikopa pafupifupi onse. Ubwino wake ngwoti chikangomangidwa sichimasuka chokha, mukamakoka ndi pomwe kalilime kakukanirira, palibe batani loti ligundidwe mwangozi, ndipo chikaonongeka aliyense wokonza mawotchi pakhonde la shopu amachikonza. Vuto lake lili pawiri. Loyamba ndi nthawi yovala ndi yovula, pamenepo lamba amakhala ali pawiri, wotchi siinagwire paliponse, inu mukulimbana ndi dzanja limodzi pansi pali simenti, ndipo mawotchi osweka galasi omwe ndawaona ine ambiri anagwa nthawi imeneyi osati poyenda. Valirani pamwamba pa bedi kapena pa mpando wa khushoni, basi. Lachiwiri ndi lamba mwiniwakeyo, tsiku ndi tsiku mukumupinda pamalo amodzimodzi, chikopa chimathetheka, bowo limakula mpaka kung'ambikira mu linzake, wa labala naye amauma ndi dzuwa, thukuta ndi mafuta odzola mpaka kuthyoka ngati bisiketi. Chabwino nchoti amachenjeza, ming'alu mumaiona kukadali nthawi, kungoti ife timati aa apirira mwezi uno. Kaja kogwira mchira wa lamba nako kakaduka musakasiye choncho, mchira ukamalendewera umakola m'thumba kapena pa chikwama, ukakola umakweza kalilime. Pa funso langa lija chotsekera ichi sichikhoza bwino kwenikweni, chifukwa lamba akaduka paliponse wotchi yapita.

Kenako pali zopinda, zija za malamba achitsulo, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu amapusitsika kwambiri. Nzeru yake ndi yabwino zedi, lamba sagawanika pawiri, ngakhale mutatsekula amakhalabe wozungulira wathunthu, amangokula kuti dzanja lidutse. Ndiye chikatseguka mwangozi wotchi imatsetsereka nkukaima pa chikhatho, mumaimva, mumaigwira. Kampani ya Cartier ya ku Paris ndi yomwe inayamba kuika chotsekera chopinda pa mawotchi ake cha m'ma 1910, ndipo lero chili paliponse, koma sizofanana ayi. Chotsika kwambiri ndi chija chachitsulo chopyapyala ngati lata, chomwe chimangogwira ndi kuthinana basi, mukachikanikiza chimati kha. Chili chatsopano chimagwira, pakapita miyezi chitsulo chimatopa, kulira kuja kumachepa, mpaka mumangoti mukaombera m'manja kutchalitchi chatseguka. Chimenechi chimakonzeka, wodziwa amapinda pang'ono chabe kachitsulo kokhota ka mkati ndi pulaya chimayambiranso kugwira, koma ndi ntchito yobwerezabwereza. Chabwinoko ndi chokhala ndi kachitseko kachiwiri kopindikira pamwamba, kuti chitseguke mpaka muyambe mwatukula kachitsekoko ndi chikhadabo kenako chachikulucho, zinthu ziwiri zosiyana zomwe sizichitika mwangozi nthawi imodzi. China ndi cha mabatani awiri m'mbali, ichi sichidalira kuthinana, mkati muli tizitsulo tokola tomwe timamasuka pokhapokha mwadina. Pogula yesani kudina batani limodzi lokha nkukoka, chikatseguka dziwani kuti ndi chachabechabe, chifukwa batani limodzi limadinika ndi chilichonse, ngakhale kupinda dzanja chabe. Chomwe chili ndi zonse ziwiri, mabatani ndi kachitseko, ndiye mfumu ya zotsekera zachitsulo, ndipo sikuti chimapezeka pa mawotchi odula okha ayi, pa kaunjika chimapezeka bola kuleza mtima posankha.

Palinso nkhani ya kutupa kwa mkono yomwe ambiri saiganizira. Mkono wanu wa mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo m'tauni muno si womwe uja wa mu Juni mutakwera ku Ku Chawe kukuzizira, umasintha ndithu, ndiye wotchi yomwe inali bwino imathina kapena kukhwepa. Yokhwepa ndi yoopsa chifukwa imagubuduka pamkono nkumakoka tizitsulo tija kangapo pa tsiku. A Rolex vutoli analithetsa ndi chotsekera chotchedwa Glidelock, chomwe chimasuntha mpaka pafupifupi 20 mm, pang'onopang'ono 2 mm nthawi imodzi popanda chida chilichonse, anapangira anthu omira m'nyanja kuti wotchi izikwana pamwamba pa zovala zawo zija, ndipo ali ndi china chotchedwa Easylink chongowonjezera 5 mm. Ndazitchula kuti muone kuti ngakhale opanga zodulawo nkhani ya saizi amaitenga ngati yaikulu. Pa mawotchi athu wambawa yang'anani m'mbali mwa chotsekera, mupeza timabowo titatu kapena tinayi tondondozana, ntchito yake ndi yomweyo, mumakankha kachitsulo ndi phini nkukasunthira pa bowo lotsatira. Muyeso wake ngwoti chala chaching'ono chija chizilowa pansi pa chotsekera mothinirapo, chikamalowa momasuka ndiye kuti yakhwepa.

Ndisanachoke pa zachitsulo, timapini tolumikiza mfundo za lamba nato timatuluka pang'onopang'ono. Muziyendetsa chala m'mbali mwa lamba kamodzikamodzi, mukamva kanthu kakukanda ndiye kapini kayamba ulendo, kabwezereni msanga. Mkati mwa lamba muli timivi tosonyeza komwe kapini kamatulukira, pobwezera kamalowa mobwerera. Malamba ena, makamaka a Seiko, kapini kake kamagwira ndi kachubu kakang'ono kwambiri, munthu wosadziwa akamachepetsa lamba kachubuko kamagwa pansi iye osaona, kapini nkubwerera kopanda chogwira, sabata isanathe lamba waduka. Mukamachepetsa wotchi imani pomwepo muziona, ndipo auzeni achotse mfundo mbali zonse ziwiri, mbali ya 6 koloko ikhale yofupikirapo, kuti chotsekera chikhale pakati pa mkono osati m'mphepete pomwe chimagundagunda.

Chija amati butterfly, chotsekuka mapiko awiri, ndi chokongola zoona, chikatsekedwa sichioneka nkomwe, lamba amangokhala ngati wopanda polumikiza, pa ukwati kapena ku ofesi ndi suti chimakhala bwino. Koma nthawi zambiri chilibe timabowo tosinthira saizi, pa mkono wowonda chimabaya, ndipo chikatseguka chimatseguka kwambiri moti wotchi itha kudutsa dzanja lonse. Ine sindingavale chimenechi pa njinga. Chomwe ndingalimbikitse ndi chopinda choika pa lamba wa chikopa, chimagulidwa pachokha, mumachotsa cha kalilime chija nkuikapo ichi, chikopa chimasiya kupindidwa tsiku ndi tsiku ndiye chimakhalitsa, komanso nkhani yogwetsa povala ija yatha. Ingoyezani kukula kwa lamba kumapeto komwe kuli chotsekera, chifukwa kumakhala kochepera kusiyana ndi ku wotchi, wa 20 kawirikawiri amathera pa 18.

Tsopano lamba amene akanapulumutsa wotchi ya bambo anga. Amamutcha NATO, ndi wa nayiloni, anachokera ku asilikali a ku Britain, unduna wawo wa zachitetezo unakhazikitsa kapangidwe kake mu 1973, wotuwa, wa 20 mm. Chotsekera chake ndi cha kalilime chomwe chija, palibe chachilendo, nzeru yonse ili pa kadutsidwe. Malamba ena ambiri ndi zidutswa ziwiri, chilichonse chapachikika pa kachitsulo kake, kamodzi kakathyoka basi zatha. Uyu ndi lamba mmodzi wamtali, amalowa pa kachitsulo kakumwamba, kudutsa pansi pa wotchi, kutulukira pa kakumunsi, nkuzungulira mkono. Kachitsulo kamodzi kakathyoka lamba ali pamkono pomwepo ndipo wotchi imangolendewera pa kenako, mumaiona, mumaivula nkuika m'thumba. Palibe china chilichonse pa zonse ndatchulazi chomwe chimakutetezani ku vuto la spring bar kupatula ameneyu. Kwa anyamata a kabaza, a njinga zamoto, amisiri omanga, asodzi a ku Kachulu, aliyense amene mkono wake sukhala chete, ine ndingati uyu basi osaganiza kawiri. Zovuta zake zilipo. Amamwa thukuta ndi madzi, nyengo yotentha amanunkha mukapanda kumuchapa, koma kumuchapa ndi sopo nkumuyanika ndi nkhani ya mphindi zochepa. Wotchi imakwera pang'ono pamkono, mabowo amayamba kusomphoka ulusi ndiye mumawaotcha ndi msomali wamoto kuti amatane, ndi suti sakhala bwino kwenikweni, ndipo mawotchi ena mpata wapakati pa kachitsulo ndi thupi la wotchi ndi wochepa moti wonenepa salowa, funani wopyapyala. Chachikulu chomwe ndikufuna mumve ndi ichi, kulimba kwakeko kumasanduka ngozi pafupi ndi makina. Pa chigayo, ku garaja, pa makina ocheka matabwa, lamba wamba akakola kachitsulo kamathyoka mkono nkupulumuka, nayiloni sathyoka, amakoka mkono. Malo ngati amenewo wotchi iliyonse ivulidwe, ya NATO ndiye makamaka.

Wa Velcro, uja womata wolira kuti pwee pomatula, anayambira pa chinthu chomwe tonse timachidziwa. Munthu wina wa ku Switzerland, George de Mestral, mu 1941 anaona njere za tchire zitamatirira pa zovala zake ndi pa ubweya wa galu wake, ngati momwe chisoso chimachitira pa thalauza mukadutsa m'munda, ataziona pa makina okuza zinthu anapeza kuti zili ndi timbedza, nkupanga nsalu yotengera zimenezo. Anthu a NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, opita kumwezi mu 1969 mawotchi awo a Omega Speedmaster ankamanga ndi malamba ataliatali a Velcro pamwamba pa zovala zawo. Ubwino wake saizi mumaika ndendende pomwe mukufuna, ndipo kwa ana kapena agogo omwe zala zimavuta ndi nyamakazi ndi wosavuta kuposa onse. Sankhani uja wodutsa pa kamphete nkubwerera kudzamata, chifukwa ngakhale atamatuka amakhalabe wozungulira. Koma timbedza tija timadzaza ulusi wa juzi ndi fumbi, mphamvu imatha mwakachetechete, muzitsuka ndi mswachi wakale, ndipo akayamba kutukuka m'mphepete nthawi yake yakwana.

Za maginito zabwera ndi ma smartwatch, Apple inatulutsa lamba wake wa ukonde wachitsulo wotseka ndi maginito mu 2015 ndipo otengera adzaza m'mashopu a mafoni. Kuvala kwake nkokoma koma maginito amatsetsereka mukakoka cham'mbali, amakhwepa okha tsiku likamapita, amamata pa chitseko cha galimoto, ku owotcherera amatola tizidutswa ta chitsulo. Pa wotchi yosalira batire ndiye musayerekeze, maginito akafika pa kasipuling'i ka mkati wotchi imayamba kuthamanga. Ngati mumakonda ukonde wachitsulowo tengani wa chotsekera chotsetsereka chokhala ndi kachitseko. Lamba wotamuka uja ankavala agogo athu, amene Speidel inatchukitsa ndi Twist-O-Flex mu 1959, alibe chotsekera nkomwe ndiye palibe chotseguka, koma amazula ubweya, amasunga litsiro, ndipo pa chikhamu cha pa depoti wakuba amangomusolola kamodzi.

Zibangili nazo nkhani yake ndi yomweyi, kungoti zonse ndi zazing'ono. Kotsekera kozungulira kaja kokhala ndi kachokokera kakang'ono ndi kofooka kuposa tonse, sipuling'i yake ndi yowonda ngati tsitsi, kamakwanira pa tcheni chopepuka cha m'khosi osati pamkono pomwe pamakokedwa tsiku lonse. Kaja kooneka ngati chala cha nkhanu, amati lobster, ndi kolimbirapo kwambiri ndipo pa chibangili cha tsiku ndi tsiku ndi komwe ndingasankhe. Koma amayi tamverani, nthawi zambiri chotsekera sichikhala cholakwa, cholakwa ndi kamphete kolumikiza chotsekera ndi tcheni. Kayang'aneni bwinobwino, ngati kali ndi mpata pomwe nsonga zake zakumana ndiye kuti sikanawotchereredwe, anangokapinda, ndipo mwana akakoka kamodzi kamayasama. Kameneka ndiye spring bar wa chibangili. Kawotchereredwe, kapena muikepo kaja kozungulira kawiri ngati ka makiyi. Cha kamtanda kolowa pa mphete chimaoneka bwino ndipo nchosavuta ndi dzanja limodzi, koma chimagwira pokhapokha chibangili chili chokoka, chikakhwepa kamtandako kamatembenuka nkutuluka, ndiye onetsetsani kuti ndi kotalika kwambiri kuposa mphete. Cha maginito kwa mayi wobereka mwana kapena wochapa ayi, chitenje chokha chimachimasula. Chopotokola ngati botolo chimapotoloka chokha mkono ukamayenda. Pa chibangili cha mtengo wapatali, cha siliva wodindidwa 925 kapena cha golide, chapa ukwati kapena chosiyiridwa ndi makolo, funani cha kabokosi chomwe kalilime kamalowa mkati nkulira, chokhala ndi kachitsulo kokola ka m'mbali kooneka ngati 8, ndipo pamwamba pake muikitse katcheni kachitetezo kolumikiza mbali ziwirizo. Katcheni kameneko kamagwira ntchito yomwe ija ya lamba wa NATO, chotsekera chikatseguka chibangili chimangokula nkuima pa dzanja.

Kuli ena anapita patali, chibangili cha Love chomwe Aldo Cipullo anapangira Cartier ku New York mu 1969 chimatsekedwa ndi ma screw, kuvula mpaka screwdriver. Kugwa nkovuta inde, komabe ma screw amafuna kumangitsa pafupipafupi, ndipo chinthu chosavulika msanga mkono ukatupa kapena kuchipatala ine ndimachiopa. Zathu za mikanda zomwe amagulitsa kumsewu wokwera kuphiri, chotsekera chake ndi mfundo basi. Za ulusi wotamuka zimaduka mwadzidzidzi mikanda nkumwazika, bola za chingwe zokhala ndi mfundo yotsetsereka, zimakula ndi kuchepa koma sizigawanika, ndipo ngati mukuchita kuoda auzeni adutse chingwe kawiri.

Chitsulo chakenso chiyang'aneni. Stainless steel weniweni amapirira thukuta, pomwe zongopaka utoto wa golide pamwamba zimasupuka pa chotsekera penipeni chifukwa ndi pomwe pamakhulana, kenako dzimbiri, kenako mkono kuyabwa kwa amene khungu lawo limadana ndi chitsulo cha nickel.

Ine pano wotchi yanga yoyendera ili pa NATO wakuda, ya kutchalitchi ili pa chikopa chokhala ndi chotsekera chopinda cha mabatani, ndipo chibangili cha mayi akunyumba ndinapita nacho ndekha kukawotcheretsa kamphete ndi kuikitsa katcheni. Tizitsulo tija ndimasintha mvula ikamatha chaka chilichonse ngakhale tikuoneka tabwino, ndipo tinayi ta 20 ndimasunga m'kabotolo ka mankhwala pamwamba pa kabati.